Kompyuta Yovala Chitenje

Ndikukumbukira chaka chimene kompyuta inalowa m'nyumba mwathu ku Lundazi, ine ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi. Adada anali mphunzitsi pasukulu ina ya paboma, ndipo anaigula kwa mnzawo amene ankasamukira ku Chipata. Sinali yatsopano, koma ife tinailandira ngati mlendo wolemekezeka. Inali ya mtundu wakale uja, galasi la chimsana chachikulu ndi bokosi lachitsulo loima pambali pake, limene Adada ankati ndimo muli nzeru zonse. Anaiika pabalaza pafupi ndi windo, ndipo lamulo linatuluka tsiku lomwelo: palibe woikhudza iwo kulibe. Ankalembapo mayeso a ana asukulu. Ine ankandilola kusewerapo makhadi Loweruka lokha, iwo ataima kumbuyo kwanga ngati wapolisi.

M'nyumba mwathu chinthu chilichonse chamtengo chinkavala. Wailesi inali ndi kansalu kake koluka, mipando inali ndi take, ngakhale kabati ya mbale inkafunda. Amama ankadana ndi fumbi, ndipo fumbi la kwathu m'chilimwe amalidziwa ndi amene anakhalako. Ndi lofiira, losalala, ndipo limalowa ngakhale mutatseka mawindo onse. Kompyuta yokha ndiyo inakhala yosavala, chifukwa Amama ankaopa kuiyandikira.

Chaka chomwecho kunabwera msuweni wanga Tiwonge kuchokera ku Chikomeni. Anali mwana wa malemu mlongo wawo wa Adada. Bambo ake anali atakwatiranso, ndipo mwanayo ankakhalira kusoka fodya m'chigafa anzake ali kusukulu, mpaka Adada anapita kukamutenga. Anali wamkulu kwa ine pang'ono koma tinali giredi imodzi. Ankayenda m'nyumba mwakachetechete ngati akuopa kupweteka simenti. Mukamupatsa chakudya ankathokoza, mukamutuma ankathokozanso. Iye ankawaitana Adada kuti asibweni, momwe Atumbuka amatchulira amalume, ndipo ankawalankhula atagwada ngakhale iwo ankamuletsa. Ine ndinkamuseka kuti tsiku lina adzathokoza ndi udzudzu womwe pomuluma.

Koma singano ankaidziwa Tiwonge. Tsiku lina anapempha Amama kuti asokere kompyuta chovala, kuti asibweni akondwe. Anayeza bokosi lija ndi ulusi, osalikhudza ngakhale ndi chala, poopa lamulo. Kenako anatulutsa m'chikwama mwake chitenje chobiriwira cha maluwa achikasu. Ndinachizindikira, chifukwa ankachitsamira pogona. Chinali cha mayi ake, chinthu chokha chimene anachoka nacho kumudzi.

"Usakawauze," anandichenjeza. "Angakane." Ndinamulonjeza kuti sindiwauza Adada za mwini chitenjecho.

Anasoka kwa masiku angapo, ndipo mkati anaikamo nsalu ina yochindikala kuti fumbi lisapeze polowera. Chovalacho chinathina bwinobwino mbali zonse. Anangosiya kabowo ka batani kutsogolo ndi kena kotulukira mawaya kumbuyo. Adada atachiona anasangalala kuposa tonse. Anaveka bokosilo ndi manja awo, nkuitana aphunzitsi anzawo oyandikana nafe kuti adzaone ntchito ya mwana wa mlongo wawo. Tsiku limenelo ndinamuona Tiwonge akuseka mano onse kunja, kwa nthawi yoyamba.

Sipanapite nthawi, kompyuta inayamba ulesi. Unali mwezi wa Okutobala, malata akulira ndi dzuwa. Adada akabwera kusukulu masana nkuiyatsa, inkayamba bwino, koma pakapita kanthawi inkayamba kulira ngati chigayo chakutali. Akalemba mawu, zilembo zinkatuluka mochedwa, chimodzi pano, china mawa. Akasuntha mausi, kamuvi kankaima nji, kenako nkudumpha kokafika kwina. Nthawi zina inkangozima yokha, ntchito ya masana onse nkutayika. Mayeso otsekera chaka anali pafupi, ndipo Adada anali atalonjeza akuluakulu a sukulu kuti alemba mapepala a makalasi angapo.

Woyamba kugwa m'mlandu anali makhadi anga. Adada anawafufuta ine ndikuona, ndipo ndinalira ngati kwagwa maliro, koma kompyuta sinasinthe. Kenako anati ndi fulashi ya mphunzitsi mnzawo imene yabweretsa vayirasi. Anakabwereka pulogalamu yosaka mavayirasi, inasaka tsiku lathunthu, sinapeze kanthu. Anachotsa nyimbo za kwaya, anachotsa zithunzi za ukwati wa eni ake akale, anazula mawaya onse nkuwabwezera limodzilimodzi. Ulesi uli pomwepo.

Pamapeto pake anaganiza zopita nayo kwa wokonza, amene anali ndi kashopu kufupi ndi msika. Anavula bokosilo chovala chake kuti chisade panjira, anachipinda bwino nkuchisiya patebulo. Analimangirira panjinga ndi malegeni, ine ndikuyenda pambali nditaligwirira. Wokonzayo analiyatsa, anatsegula ichi ndi icho, analisiya likuyaka mpaka ife tinatopa ndi kukhala pabenchi. Kompyuta imene kunyumba inkakwawa, kumeneko inkathamanga.

"Aphunzitsi, makina aya alibe vuto olo pang'ono," anatero. "Mwina kunyumba kuli wamene amaigwilagwila imwe mukachokapo."

Sindikhulupirira kuti munthuyo anali ndi cholinga choipa. Anangolankhula zimene amauza aliyense. Koma mawu amenewo anakwera nafe njinga mpaka kunyumba. Titafika, Adada anaveka bokosi lija chitenje chake, nkuyamba ntchito, ndipo posakhalitsa chigayo chija chinayambanso kulira. Anaika dzanja pamwamba pake, nkulichotsa msanga.

"Imvani kupya uku. Chinthu ichi chimayatsidwa ine kulibe."

Tsono kusukulu kwathu ana tinali ambiri, moti ena tinkalowa m'mawa, ena masana. Ine ndinali wa m'mawa, Tiwonge wa masana. Amama ankalawirira kumsika kukagulitsa kaunjika. Amene ankatsala yekha panyumba mpaka dzuwa litakwera anali Tiwonge. Adada sanaganizenso zoti tsikulo bokosilo linali litaswera kwa wokonza. Mtima ukapsa, munthu amaona chimene akufuna kuona.

Anamuitana, iye nkugwada pakhomo la pabalaza.

"Tiwonge, uniuze chilungamo. Umayatsa kompyuta iyi ine nikapita kunchito?"

"Yayi, asibweni. Sininaigwilepo."

"Manje imapya yeka?"

"Kaya, asibweni."

Anamufunsa tsiku limenelo, anamufunsanso sabata yotsatira, yankho lili lomwelo. Adada anali munthu wabwino, koma anali ataphunzitsa ana kwa zaka zambiri, ndipo ankadzikhulupirira kuti bodza amalimva fungo. Anati kuononga chinthu angakhululuke, koma sangasunge m'nyumba mwawo mwana wowanamiza m'maso muli gwa. Sukulu ikangotsekera, Tiwonge abwerera ku Chikomeni. Tonse tinkadziwa tanthauzo lake. Mvula ikagwa kumeneko ndi fodya basi, ndipo sukulu yake ikathera pomwepo.

Ndinakwiya kwambiri. Ndinawauza Amama kuti Tiwonge amaopa ndi switchi ya magetsi yomwe, angayatse bwanji kompyuta? Amama anangoti tidikire mtima wa Adada utsike. Mwini wake sanadziteteze. Ankadzuka, kusesa, kupita kusukulu, ndipo anapitiriza kuthokoza chilichonse. Zimenezo ndi zimene zinkandipweteka kuposa zonse, ndipo ndinasiya kumuseka.

Loweruka lomaliza sukulu isanatseke, Tiwonge anadzuka ndi mtima wochapa. Anati akufuna kusiya m'nyumba muli moyera. Anatola tinsalu tonse ta pamipando, makatani, ndi kansalu ka wailesi. Kenako anagwada kwa Adada nkupempha chovala cha kompyuta, poti chinali chitafiira ndi fumbi. Iwo anachivula osamuyang'ana, nkumuponyera.

Adada anakhala pansi kuti amalize pepala la masamu. Ine ndinali pomwepo ndikupukuta mawindo. Analemba, analemba, dzuwa nkukwera. Palibe kulira, palibe kuima. Zilembo zinkatuluka momwe zala zawo zinkagundira. Anamaliza masamu nkuyamba sayansi. Kenako anaitana Amama ali ndi nkhope ya munthu amene wapambana mlandu.

"Mwaona? Chingomuopseza, waleka kuigwila. Lelo ili bwinobwino."

Ndinamva ngati ndilire. Ngakhale kuchira kwa kompyuta kunasanduka umboni womutsutsa.

Dzuwa la nyengo imeneyo silichedwa kuumitsa zovala. Pofika masana Tiwonge anabweretsa chitenje chija atachisita, nkubwerera panja kukasenda mtedza pansi pa mtengo wa mango. Adada anaveka bokosi lawo mosamala monga mwa nthawi zonse, nkupitiriza ntchito. Sanafike patali. Kulira kuja kunayamba pang'onopang'ono, kenako kunakula, kamuvi nkuima.

Adada anasiya kulemba. Anayang'ana galasi, anayang'ana bokosi, kenako anayang'ana pawindo limene ndinali nditangopukuta. Tiwonge ankaoneka bwinobwino ali pamphasa, lichero pamiyendo. Kuyambira m'mawa iwo sanachoke pampando umenewo.

Anadzuka nkuvula chitenje chija. Anapisa dzanja kumbuyo kwa bokosi, pamene panali timabowo tambiri, ndipo mpweya wotentha unawawomba m'manja. M'mbali munalinso timabowo tina. Anadikira. Kulira kunayamba kutsika mpaka kunatha, ndipo kamuvi kanayambanso kuyenda. Poti anali mphunzitsi, sanakhutire ndi kamodzi. Anavekanso, anadikira, chigayo chinabwerera. Anavulanso, chinaleka. Atatero anakhala pampando chitenjecho chili pamaondo. Sindinawaonepo Adada ataoneka ochepa ngati tsiku limenelo.

"Kaitane mlongosi wako," anatero, mawu ali pansi.

Tiwonge analowa akupukuta manja, nkugwada pamalo pake paja. Adada anamufotokozera kuti mkati mwa bokosilo muli kafani kotulutsa mpweya wotentha, ndipo timabowo tija ndi mopumira mwake. Tikatsekeka, makinawo amatentha nkuyamba kugwira ntchito pang'onopang'ono kuti asapse. Ine ndinkayembekeza kuti Tiwonge asangalala. Koma nkhope yake inagwa, misozi nkuyamba kutsika, iye amene sanalire tsiku lomuuza kuti abwerera kumudzi.

"Ndiye kuti nine ndithu, asibweni. Nine n'naononga."

"Yayi, mama. Iwe unasoka chabe. Anaivalika ni ndani? Anaivula popita kwa wokonza, n'kuivalikanso pobwela, ni ndani? Nine. Iwe unakamba zoona, ine sininamvele. Phepa, mwana wane. Kulibe kwamene uyenda."

Amama, amene anali ataima pakhomo, anatembenuka nkupita kukhitchini, ati kukaona moto, koma panalibe chimene chinali pamoto.

Adada akachita manyazi ankafuna chochita ndi manja. Anandituma sizasi, ati tiboole mawindo pachovalacho kuti makina azipuma. Anachitambasula patebulo nkuyamba kuyeza ndi chala podula. Tiwonge anayang'ana pansi, koma sakanatsutsa. Ine ndinalephera kupirira, lonjezo langa ndinaliswa.

"Adada, chitenje ico chinali cha ankhazi, amayi ake a Tiwonge."

Anachiyang'anitsitsa ngati akuchiona koyamba. Anasisita maluwa achikasu aja ndi chala chachikulu. Miyezi yonseyo chinali pamaso pawo, anachiveka, anachivula, m'mawa womwewo anachiponya pansi, osazindikira kuti ndi chimene mlongo wawo ankavala popita kutchalitchi. Anaika sizasi patali.

"Ichi sitidula," anatero.

Lamulo latsopano linatuluka pomwepo. Kompyuta izivala ikazima, izivula ikamagwira ntchito, ndipo wovula ndi kuyatsa akhale Tiwonge. Anamuuza kuti adzuke, anamugwira dzanja nkuliika kumbuyo kwa bokosi kuti amve mpweya uja. Kenako anamukhazika pampando wawo nkumuuza kuti alembe dzina lake. Analemba ndi chala chimodzi, akufunafuna chilembo chilichonse, thukuta lili pamphuno. Aka kanali koyamba kuti aikhudze kompyuta imene anatsala pang'ono kuthamangitsidwa nayo.

Tiwonge sanabwerere kufodya. Tinamaliza sukulu limodzi, ndipo lero ndi namwino. Ine ndimagwira ntchito mu ofesi yodzaza makompyuta, ndipo ina ikayamba ulesi ndimamva anzanga akufunsa msanga kuti waigwira ndani. Ndimawauza kuti tiyambe tafunsa chimene chasintha pamakinawo kuyambira tsiku limene ankayenda bwino. Funso lakuti ndani limapeza yankho mwachangu, ndipo nthawi zambiri limagwera amene alibe pothawira ndi womuyankhulira. Ndinaziona ndi maso anga, zikuchitidwa ndi munthu wabwino amene ankamukonda mwanayo.

Kompyuta ija inafa kalekale. Adada anapuma pantchito, ndipo chitenje chobiriwira chija tsopano chimafunditsa wailesi yawo. Akafuna kumvera nkhani amayamba achivula, nkuchipinda bwinobwino pamaondo. Ndinawauzapo kuti wailesi ilibe fani, ingathe kulira itafunda. Anandiyankha kuti akudziwa, ndipo anapitiriza kupinda.