Funso Lachinayi pa Fomu ya Mabel

Mabel Kalino anabadwira ku Malindi, kutsidya la kum'mawa kwa nyanja, m'banja la Anglican limene amuna ake onse anali asodzi. Iye anakhoza bwino masamu, napita kukoleji ku Blantyre, ndipo kwa zaka zisanu ndi zinayi ankalemba mapulogalamu a pa foni pa kampani ina mumzindamo. Kwawo sankaimvetsa ntchitoyi. Mayi ake ankangouza anzawo kutchalitchi kuti mwana wawo amakonza mafoni.

Mu 2021 bungwe lina linapempha kampaniyo kuti ipange pulogalamu yoti asodzi azilembamo nsomba zimene apha, mtundu wa khoka ndi malo amene aponya. Ankati n'kafukufuku chabe, wofuna kudziwa chimene chikuthetsa chambo. Popeza Mabel ankayankhula Chiyao ndiponso ankadziwika m'madoko, anamutuma iyeyo kukakopa asodzi. Anayambira kwa amalume ake, a Simioni, amene anali ndi boti ndi khoka kunyanja ya Malombe.

"Zimene tizilemba umuzi sizikafika kwa olanda makoka?" anafunsa a Simioni.

"Ayi amalume. Ndapanga ndine. Palibe adzaone dzina lanu."

Iwo atavomera, asodzi ena makumi atatu anawatsatira. Koma m'pulogalamumo dzina la munthu ndi malo ake zinkasungidwa pamodzi. Mabel ankadziwa kuti n'zofunika kuzilekanitsa, kungoti abwana ankafuna ntchito ithe mwezi womwewo, ndipo iye anati adzakonza m'tsogolo. Patapita miyezi isanu ndi itatu, munthu wina wa kubungwe lija anapereka mndandanda wonse kwa olondera panyanja. Olonderawo anafika padoko pepala lili m'manja, n'kumaitana anthu mayina. Khoka la a Simioni linali la maso aang'ono, loletsedwa, ndipo linawotchedwa pamchenga iwo akuona. Asodzi anzawo anawatcha kazitape. Anagulitsa boti, nabwerera ku Malindi kukalima.

Mabel anasiya ntchito chaka chotsatira. Anapeza kanyumba kwa Mponda, iye ndi mwana wake wamkazi, nayamba kuphunzitsa kompyuta pa kasukulu kena pafupi ndi msika wa paboma. Munthu amene ankalemba mapulogalamu ankaswera kuonetsa anthu posindikizira kalata.

Mwezi wa Marichi chaka chino, Asiatu, mnzake wa kukoleji, anamutumizira uthenga. Bungwe lina la kunja, losachita malonda, linkafuna katswiri wamkulu wa mapulogalamu a pa foni, woti azitsogolera anzake anayi akugwira ntchito ali kwawo. Bungwelo linkapanga pulogalamu yotumizirana mauthenga mwachinsinsi, yodaliridwa ndi atolankhani komanso amayi othawa nkhanza m'banja. Mabel anawerenga katatu. Zonse zimene ankafunazo ankazidziwa.

Mafunso atatu oyamba pa fomu yofunsira ntchitoyo anawayankha mosavuta. Lachinayi linkati: fotokozani nthawi imene chinthu chimene munapanga chinaika chinsinsi cha munthu pangozi, ndi zimene munaphunzirapo.

Analemba masamba awiri osapumira. Analemba za doko, za pepala lija, za utsi wa khoka. Powerenga anaona kuti chiyambire sanalembepo zoona chotere, ndipo anadziwa kuti yankholi likhoza kumupatsa ntchito. Chala chili pa batani lotumizira, anaima. Nkhani ya amalume ake inali pafupi kuwoloka nyanja zikuluzikulu, eni ake osadziwa.

Loweruka m'mawa anakwera minibasi, nawoloka mlatho wa Shire kupita ku Malindi. Anawapeza a Simioni pakhonde akusema mpini wa khasu. Chichitikire zija, ankangopatsana moni basi. Mabel anakhala pamphasa, nafotokoza zonse, maso ali pansi.

A Simioni anaika kasemasema pambali.

"Ndiye ukufuna ukapezere ntchito pa manyazi anga?"

"Dzina lanu sinditchula, amalume."

"Ulendo uja unanenanso choncho."

A Simioni anapitiriza, mawu awo ali otsika.

"Khokalo linali loletsedwa, ndikudziwa. Akanandigwira pamadzi ndikanati ndi tsoka langa. Koma anandiitana dzina ngati mwana wasukulu, pamaso pa anthu amene ndinawakopa ndekha. Mpaka lero ndikapita kumaliro ku Malombe, anthu amasiya kuyankhula ndikamayandikira. Nkhaniyi ndi yanga, Mabel. Isachoke pakhomo pano."

Akazi awo, a Enelesi, anamuperekeza kumsewu. Atafika patali ndi nyumba anamugwira dzanja.

"Ungolemba, mwanawe. Adziwa bwanji? Anthu akowo adzafika kuno? Uli ndi mwana woti ulere."

"Ndamva, anti," anayankha Mabel, ndipo m'minibasi monse mawuwo ankamuzungulira m'mutu. Zinali zoona, a Simioni sakanadziwa.

Masamba awiri aja anakhala m'kompyuta masiku anayi. Tsiku lotsekera mafomu anawafufuta, nalemba ndime imodzi youma yonena za kufunika kosunga zinthu za anthu mosamala. Anatumiza akudziwa kuti ndi yankho loti aliyense akanalemba.

Komabe anamuitana ku intavyu. Inachitika masana pa vidiyo, iye ali mu ofesi ya kasukulu kaja, atatseka mawindo chifukwa cha phokoso la akabaza. Pa kompyuta panaoneka nkhope zitatu. Mafunso a ukatswiri anawayankha mpaka mmodzi anamwetulira. Kenako mayi amene ankatsogolera anayang'ana pepala lake.

"Pa funso lachinayi simunapereke chitsanzo. Mulibe?"

"Ndili nacho. Ndinasunga mayina a anthu pamodzi ndi malo awo chifukwa chofulumira, ndipo munthu anavulala nazo. Kupitirira apo sindinganene. Mwini nkhani wakana."

"Simungangochotsa dzina lake?"

"Ndinamupempha zomwezo. Wakana."

Mayiyo analemba kanthu, napita pa funso lina. Mabel sanathe kudziwa ngati mayiyo anamulemekeza kapena anamukayikira.

Yankho linabwera patatha masabata atatu, iye ali pamsika akugula tomato. A bungwe la kunja lija anamuthokoza, nati asankha wina amene watsogolerapo gulu lalikulu. Anawerenga ataimirira pomwepo mpaka wogulitsa anamufunsa ngati akutenga tomatoyo kapena ayi.

Asiatu atamva anakalipa pa foni. "Iwe ndiye wadzimana wekha! Anthu amakometsera nkhani zabodza, iwe wabisa yoona?"

Mabel sanatsutse. Mwina ntchitoyo ikanamuphonyabe, mwina ayi, ndipo palibe woti angamufunse. Masiku ena amaona kuti anachita bwino. Masiku ena, akamabwereza kachisanu kuonetsa munthu potsegulira kompyuta, mkwiyo umamugwira, osadziwa kuti akukwiyira ndani.

Ku Malindi sanakanene kuti zinatha bwanji, ndipo a Simioni sanafunse. Mabel akuphunzitsabe pa kasukulu kaja. Mwezi wathawu watumiza mafomu ena awiri, ndipo onse sanayankhidwe.