Lilime la Amayi Rozaria

Amayi anga aakulu, a Rozaria, ndi a bere limodzi ndi mayi anga ondibereka. Tonse tili mudzi umodzi kuno ku Chiringa, ndipo nyumba yawo ndi yanga zinayang'anizana, pakati pali mtengo wa mango basi. Ine ndine Mervis, koma chibadwire mwana wanga anthu amangoti amake Ufulu.

A Rozaria anapita kuesiteti ya tiyi kuseri kwa phiri akadali mtsikana. Anathyola tiyi zaka khumi ndi zinayi, dengu kumsana, kaya mvula kaya dzuwa. Msana utayamba kuvuta anawasamutsira kufakitale, m'chipinda momwe akatswiri amalawira tiyi. Ntchito yawo inali kuwiritsa madzi, kutsuka makapu ndi kukataya chidebe cholavuliramo. Palibe anawaphunzitsa kanthu. Koma mabwana aja akatuluka, iwo asanatsuke ankatenga supuni n'kulawa kapu iliyonse, n'kumakumbukira zomwe amva zikunenedwa pa kapu imeneyo. Anachita zimenezi zaka zisanu ndi zinayi, pakhomo atatseka.

Amuna awo atamwalira anabwerera kumudzi. Mwana wawowawo Mulungu sanawapatse, ana awo ndi ifeyo. Anabwera ndi makapu oyera asanu ndi imodzi m'katoni, ndi supuni imodzi yomwe mpaka lero salola munthu kudyera phala. Kuyambira pamenepo mgolo wa tiyi pa maliro, pa chinkhoswe ndi pa ukwati unali wawo. Malamulo awo tonse tinkawadziwa. Madzi akhale a ku kasupe wa m'tsinde mwa phiri. Masamba asalowe madzi asanagaduke. Ukathira masamba uphule pomwepo, tiyi si nyemba. Wotchi alibe, nthawi amayeza poimba chapansipansi ndime zitatu za nyimbo ya kutchalitchi, ikatha amasefa. Ndipo munthu asanamwe, iwo amatapa pa supuni wopanda shuga, n'kukoka mwaphokoso, fwiii, kuzunguliza m'kamwa, n'kulavulira pambali. Alendo ankadabwa kuona mayi wamkulu akulavula chakudya pagulu. Akamwa tiyiyo kudabwa kunkatha.

Chaka chatha mu Julaye, chiperoni chili pachimake, kunagwa maliro a bambo wina wachikulire m'mudzi mwathu. A Rozaria anali ndi chimfine chachikulu, mphuno zonse zitatseka, koma anakana kugona. Ife achitsikana tinali otunga madzi, ndipo mgolo tinaudzaza msanga mpaka anatiyamikira. Iwo anaphika monga mwa masiku onse, analawa, anati gawani.

Tiyi ameneyo anthu sanamumwe. Wina ankangolawa kamodzi n'kuika kapu pansi. Ena ankathira kuseri kwa benchi mwakabisira. Ndinamva bambo wina wa kumpingo akufunsa mnzake ngati achipatala ayamba kugawa mankhwala a malungo pa maliro. Theka la mgolo tinakataya kudzala.

Amene analankhula mokweza ndi a Loyce, msuweni wawo wa a Rozaria. Awiriwa amanyozana kuyambira ali ana, monga asuweni achitira, koma tsiku limenelo nthabwala inali ndi minga.

"Asuweni, lilime nalonso limapuma pa ntchito," anatero a Loyce. "Lanu munalisiya kuesiteti, kuno munabwera ndi supuni yokha."

Anthu anaseka. A Rozaria anangotola supuni yawo n'kuchoka, chonsecho pakamwa pawo sipagwa mawu a munthu osabwezedwa.

Vuto linali lakuti mu Seputembala mng'ono wanga Belita amakwatiwa. Mwamuna wake, a Howard, kwawo ndi ku Mulanje, ndipo abale awo onse ndi anthu a m'maesiteti, oti tiyi anabadwira momwemo. Belita ali wamng'ono a Rozaria ankamubereka kumbuyo n'kumamuuza kuti, "Ine ndilibe mbuzi yokupatsa, koma tiyi wa pa ukwati wako ndidzaphika ndekha." Tsopano amayi a m'mudzi atakumana kugawana ntchito za ukwati, anagwirizana kuti mgolo atenge a Loyce, omwe kale anagwirako mu tiyirumu pamsika. Anati tisachite manyazi pamaso pa akuchimuna. Anauza a Rozaria kuti adzakhale pamkeka, apume.

Masabata awiri ndinaona utsi wa m'mawa sukutuluka kukhitchini kwawo. Nditalowa ndinapeza makapu oyera aja abwerera m'katoni.

"Amayi, mwasiya tiyi?"

"Mwina Loyce akunena zoona, mwanawe. Tsiku lija ndinalawa, sindinamve kanthu. Chimfine chinatha, koma ndikuopa kugwira supuni. Ndikapeza kuti lilime lafadi, nditani?"

"Khasu mukalikayikira mumakaliyesa kumunda, simuliponya m'chimbudzi," ndinatero. "Loweruka mubwere kwanga. A Loyce abwerenso. Tikuphikirani matiyi osiyanasiyana inu musakuona. Mukalephera, mgolo ndi wawo, ndipo ine sindidzatsegulanso pakamwa."

Anakokera katoni ija pafupi. Kenaka anati, "Madzi ndikatunga ndekha."

A Loyce anavomera akuseka. Woweruza tinasankha a Nusaiba, omwe ali ndi golosale pamsika wa Chiringa. Iwo ndi Asilamu, sali m'gulu lathu la amayi a kumpingo, ndiye panalibe woti anganene kuti akondera.

Loweruka m'mawa a Rozaria anafika ndi kachigubu ka malita asanu ka madzi a ku kasupe, makapu awo ndi supuni. Tinawakhazika kuseri kwa nyumba, atabereka Ufulu kuti asasuzumire. Pakhonde panali ine pa mbaula, a Loyce, a Nusaiba, ndi amayi ena omwe anamva mphekesera n'kubwera ngati akudutsa. Kapu iliyonse a Nusaiba ankalemba dzina la tiyi pakapepala n'kukapinda m'manja mwawo. Titandandalika makapu asanu pa thebulo, ndinawaitana.

Anatsuka m'kamwa ndi madzi, n'kuwerama pa kapu yoyamba. Ananunkhiza. Anatapa. Fwiii! Analavulira m'chitini n'kutapanso kachiwiri.

"Mwaiwala nyimbo, asuweni? Tikuyambitsireni?" anafunsa a Loyce.

"Awa ndi masamba a kuesiteti, othyoledwa bwino, awiri ndi kansonga," anatero a Rozaria pang'onopang'ono. "Taonani kufiira kwake ngati dothi la katondo. Amagwira lilime m'mbali, kenaka n'kulisiya loyera. Awa ndi aja anabweretsa a Howard."

A Nusaiba anatsegula kapepala n'kugwedeza mutu. Ndinaona mapewa a amayi anga aakulu akutsika.

Kapu yachiwiri sanachedwe nayo. "Uyu ndi wafumbi, wa m'timapaketi ta pagolosale. Amada msanga, mphamvu ali nayo, koma alibe nkhani. Ukameza wathera pomwepo. Amafuna mkaka ndi chinangwa chambiri." Anatapanso kachiwiri, nkhope n'kukwinya. "Iwe make Ufulu, paketi imeneyi umasunga pati?"

"M'dengu la pakhitchini, amayi."

"Limodzi ndi matemba?"

Khonde lonse linaphulika ndi kuseka. Zinali zoona, matemba a ku Chilwa omwe bambo ake a Ufulu anagula Lachitatu anali m'dengu lomwelo.

"Tiyi ndi kazitape," anatero. "Chilichonse chomwe wagona nacho pafupi amakaulula m'kapu. Umuike m'chitini chotseka."

Yachitatu inali ya a Loyce, timatumba ta tiyi ta ulusi tomwe mwana wawo anatumiza kuchokera ku Blantyre, ndipo ankatinyadira kwambiri. A Rozaria ananunkhiza n'kubweza mutu.

"Ndimu ili silinamerepo pa mtengo. Ndi fungo lothira kufakitale. Kununkhira ngati sopo wa mkwatibwi, koma pansi pake tiyi ndi wochepa, wowonda. Wa mutauni uyu, wovala bwino koma osadya."

"Mwana wanga anagula mu shopu yaikulu ya magalasi!" anakalipa a Loyce.

"Ndiye mumuuze agulenso, ndi wabwino kwa odwala. Ine sindinati ngoipa."

Yachinayi inawasangalatsa. Anaisunga m'kamwa nthawi yaitali, ndipo m'malo molavula anameza. "A Nusaiba, uyu ndi wanu. Jinja wouma, wosinja mumtondo, osati wamuwisi. Sinamoni pang'ono. Pali kenanso kachitatu kakubisala kukhosi, kakuyabwa mochedwa. Tsabola wakuda?"

"Timbewu tiwiri tokha, mayi!" anafuula a Nusaiba akuomba m'manja. "Ngakhale apongozi anga sanakatulukirepo."

Yachisanu inali yanga, masamba a kuesiteti osakaniza ndi udzu wa mandimu womwe ndinadzala kuseri kwa bafa. Anaudziwa, n'kundiuza kuti ndachulutsa udzu mpaka tiyi wasowa polankhulira, ndizithira tsamba limodzi lopinda, osati chitsa chonse.

Amayi aja anayamba nthungululu, koma a Loyce anaimika dzanja.

"Zimenezi ngakhale mwana angathe. Jinja ndani samudziwa? Abwererenso kuseri. Kwatsala kapu imodzi."

A Rozaria atachoka, a Loyce anandinong'oneza kuti ndiphikenso masamba a kapu yoyamba aja, tione ngati sawapatsa dzina lina. Ndinapendeketsa kachigubu, madzi anali atatha. Sindinaganize kawiri. Ndinatunga mu ndowa yanga ya pakhomo, ya madzi a pa mjigo womwe anatikumbira pafupi ndi sukulu namondwe wa Freddy atakokolola mapaipi otsika m'phiri. Kwa ine madzi anali madzi.

A Rozaria anabwera, n'kuima pa kapu yachisanu ndi chimodzi osaigwira. Anaipendeketsa pang'ono kuloza kudzuwa. Kenaka anatapa, fwiii, n'kulavula msangamsanga.

"Masamba ndi omwe aja a kapu yoyamba. Loyce, msampha wako ngwa mbewa zakhungu." Anatembenukira kwa ine. "Koma madzi awa si anga. Watunga kuti?"

"Pa mjigo, amayi. Anu anatha."

"Bwerani muone nonse." Anaika kapu yoyamba ndi yomalizayo pamodzi. Yoyamba inali yofiira, yowala mpaka pansi. Inayo inali yakuda mwa mtsinje wa dzinja, ndipo pamwamba pake pankayandama kachikopa kong'ambikang'ambika ngati mafuta. "Kachikopa aka ndinakaona pa mgolo tsiku la maliro. Ndinati ndi phulusa la pamoto. Loyce, talawa."

A Loyce anamwa pang'ono, nkhope n'kuipinda ngati aluma nthochi yaiwisi.

"Ndi yemwe uja," anavomera motsitsa. "Tiyi wa pa maliro."

Ndinakumbukira tsiku lija, kuzizira kuja, mtunda wa ku kasupe, ndi momwe tinauzirana kuti mjigo uli pafupi, a Rozaria sadziwa. Ndinakumbukiranso kuti madzi a pa mjigo umenewo sopo sachita thovu, ndipo ketulo yanga inayera mkati ngati yapakidwa laimu. Pakhomo sitinkamva kanthu chifukwa timathira masamba pang'ono, shuga wambiri. Ndinagwada pomwepo pamaso pa anthu.

"Amayi, ndife tinalakwa. Mgolo uja tinadzaza ndi madzi a pa mjigo. Ndinatsogolera ndine."

Ndinkayembekeza mawu oti ndisagone nawo sabata yonse. Koma a Rozaria anayamba kuseka, kuseka mpaka misozi, Ufulu kumbuyo akudumphadumpha.

"Ndiye silinafe!" ankatero akudzigwira pakamwa. "Masabata onsewa ndakhala ndikulira maliro a lilime lamoyo! Dzuka iwe, waulesi. Chilango chako ndi ndowa khumi za ku kasupe."

Kenaka anatola supuni yawo, anaipukuta pa chitenje, n'kuiloza kwa msuweni wawo. "Nanga mgolo?"

"Tengani mgolo wanuwo, ukundipweteketsa mutu," anatero a Loyce. "Koma timatumba tanga musadzatinyozenso."

"Ndidzatinyoza mpaka kumanda."

Tsiku la ukwati wa Belita, dzuwa likutuluka, mzere wa ndowa unali utayamba kale kutsika kuchokera ku kasupe. Patsogolo panali a Loyce, akukalipira aliyense woyang'ana kumjigo. Ine ndinasenza maulendo anga khumi osapereweza. A Rozaria anaphika migolo iwiri, wina wa masamba okhaokha, wina wa jinja momwe anawaphunzitsira a Nusaiba, ndipo ndime zitatu zija anaimba mokweza, amayi onse akuvomera.

Pakati pa akuchimuna panali amalume awo a Howard, bambo wa imvi yemwe anagwira ntchito kufakitale moyo wake wonse. Nditawapatsa kapu anakana shuga. Anapempha supuni. Anatapa, fwiii, anthu a kwathu n'kuyang'anana. Kenaka anafunsa kuti waphika ndani. Ndinawalozera a Rozaria, omwe anali chiimire pa mgolo, chitenje chatsopano chitada kale ndi utsi.

Bambo aja anadzuka, anayenda mpaka pamoto, n'kuvula chipewa.

"Mayi, munali chipinda chiti?"

"Chotsuka makapu, bambo."

"Ayi," anatero. "Amene anakupatsani ntchito imeneyo analakwitsa mpando."

A Loyce, omwe anali pambali ndi sefa m'manja, sanadikire. "Ndi msuweni wanga ameneyo, bambo. Lilime limeneli ndi la kumtundu kwathu."

Migolo yonse iwiri inatha mbee, mpaka ena ankapendeketsa kuti akhe zotsalira. Makapu oyera aja sanabwererenso m'katoni. Pakhomo panga pano pali ndowa ziwiri, ya pa mjigo yochapira ndi ya ku kasupe yovundikira bwino, ndipo matemba ndinawapezera dengu lawolawo.