Gemu Yothera Wani Ziro

Ndine dalaivala wa bwana wa ku America kuno kudziko la eni, ku Al Aziziya. Tsiku lina analowa m'galimoto atakwiya. Komiti yosankha matimu a makoleji okalimbirana chikho cha mpira wakwawo, wonyamula m'manja uja, inali itasiya timu yawo.

Pofuna kuwasangalatsa ndinati, "Akuberani, bwana. Magemu onse ndinaonera."

Sindinaonerepo ngakhale imodzi.

"Inakusangalatsa ndi iti?" anandifunsa.

"Ija munawina wani ziro."

Anangondiyang'ana mpaka tinafika pageti. Mlonda wapanyumbapo ndiye anandiuza kuti mpira umenewo suthera choncho.

Masiku ano ndikawauza kumene ndinapita ndi galimoto, amandifunsa kawiri. Kontrakiti yanga ikutha mwezi wamawa, ndipo sanaitchulebe.