Sowo ya Mano Ambiri

Fungo la thabwa lopserera likangondilowa m'mphuno, ndimawaona agogo anga aamuna, a Saidi, ataima pansi pa mtengo wa mango kwathu ku Kanyenda, utuchi uli mbuu m'ndevu ndi pa kofia, akuyang'ana utsi ngati munthu amene wafika pamaliro asakudziwa kuti wamwalira ndani.

Agogo anali mmisiri wa maboti a matabwa. Moyo wawo wonse ankachekera pa dzenje, iwo pamwamba pa chipika, mnzawo pansi, sowo yaitali ikulira kuyambira m'mawa mpaka ku mzikiti ataitana masana. Mnzawoyo atamwalira, msana nawonso utayamba kukana, amalume a ku Joni anatumiza makina: tebulo lachitsulo lokhala ndi mpata pakati, ndi kainjini ka petulo. Koma sowo yake yozungulira inafika mano atatheratu. Agogo anawazungulira makinawo masiku awiri, manja kumbuyo, osawakhudza.

Masiku omwewo a Juma, msodzi wa ku Bua, anabweretsa chipika cha mbawa pa ngolo. Mbawa inali itayamba kale kusowa. Anthu ankawauza kuti apite nacho kwa anyamata a makina ku Dwangwa, iwo n'kukana. "Boti la bambo anga anakhoma ndi a Saidi, langanso akhoma ndi a Saidi." Chaka chimenecho panalibenso wina amene anabwera kudzakhometsa boti, ndipo mudzi wonse unkadikira kuona ngati nkhalambayo idakali mmisiri.

Ine ndinali Sitandade 6, ndipo pa Chingerezi ndinkakhala nambala wani. "Asiyatu, vala nsapato," anatero agogo. "Zinthu za azungu zimafuna wodziwa chizungu."

M'sitolo ya ku Dwangwa, sowo zimene thumba lathu likanakwanitsa zinali ziwiri zokha, mtengo wake wofanana. Ina inali ya mano akuluakulu otalikirana, inayo ya timano ting'onoting'ono tothithikana ngati chipeso. Mayi wogulitsa anati iye amangogulitsa basi, za matabwa sazidziwa. Agogo anandipatsa zonse ziwiri. "Werenga."

Ndinayang'ana zolembedwa pa makatoni ake, mutu n'kuima. Chinali Chingerezi ndithu, koma chosiyana ndi cha m'kalasi mwathu, sindinatolepo kanthu. Nanga nambala wani n'kunena kuti sakudziwa, pamaso pa anthu? Ndinayamba kuwerenga mano. Iyi makumi awiri ndi anayi, iyo makumi asanu ndi atatu. Ndinali nditagulitsapo usipa ndi amayi, ndipo ndinkadziwa kuti mtengo ukafanana, umatenga mulu waukulu.

"Iyi, agogo."

"Pepalalo latero?"

"Latero."

Agogo anaigwira ya mano akuluakulu ija nthawi yaitali. "Ya pa dzenje ija mano ake ndi otalikirana chonchi, kuti utuchi uzipeza potulukira," anatero, ngati akudziyankhulira okha. "Kaya. Mwina makina ali ndi malamulo awo." Tinatenga yanga.

Chipika chija anayamba achigawa panayi ndi sowo yakale, a Juma akukokera pansi pa dzenje. Tsiku loyatsa makina anthu anadzaza pabwalo. Agogo anayesa kaye kudula kathabwa ka bulugama mopingasa, ndipo kanaduka bwinobwino, podulapo pali see. Amayi analulutira. Ine phewa linakwera mpaka m'khutu.

Kenaka anaikapo mbawa, kuti aing'ambe m'litali. Sowo inalowa pang'ono, kulira kwake n'kusintha, injini n'kuyamba kutsamwa, utsi tolotolo kutuluka mumpata muja. Timano tija tinali titadzaza utuchi, sitinkachekanso koma kuwotcha, ndipo sowo itatentha inayamba kuyenda mokhotakhota. Zimenezi ndinadzazimvetsa nditakula. Tsikulo aliyense ankanena zake: wina akuti onjezani petulo, wina akuti mtengowo ndi wauwisi, wina akunong'ona kuti makinawo awalodza. Agogo anaganiza kuti vuto ndi manja awo. Anaika chigawo chachiwiri, n'kukankha mwamphamvu, nachonso chinatuluka chakuda, chonenepa uku, chopyapyala uko, chosati n'kukhomera boti.

A Juma sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anakweza zigawo ziwiri zotsalazo pa ngolo mwakachetechete, kenaka anafunsa: "Koma a Saidi, sowo imeneyi anakusankhirani ndani?"

Ine ndinali pompo.

"Ndinasankha ndekha," anatero agogo, osandiyang'ana n'komwe.

Patapita miyezi anagula ya mano akuluakulu ija, ndipo inkang'amba matabwa bwinobwino. Koma mbiri inali itafika kale ku Bua konse. Sanakhomenso boti mpaka kumwalira kwawo, ankangopanga mabenchi ndi zitseko.

Tsiku lina ndikusesa utuchi, anandiitana, sowo yanga ija ili pamiyendo pawo. "Unawerenga bwino, Asiyatu. Ndi makumi asanu ndi atatu ndithu, ndawerenganso." Anaseka pang'ono, n'kuikoleka pa msomali.

Mpaka lero sindidziwa kuti ankatanthauza chiyani. Kodi ankandinyogodola? Ankandikhululukira? Kapena ankakhulupiriradi kuti pepala lija linatero, n'kumadabwa kuti azungu analakwitsa bwanji? Nanga munthu wa zaka makumi anayi pa dzenje anasiyiranji nzeru zake n'kumvera kamwana? Ndinkati ndidzawauza zoona mawa, mawa, mpaka tinawaika m'manda ndisananene. Zimandipweteka.

Pano ndine mphunzitsi, ndipo akuluakulu amabwera ndi mapepala awo a kuchipatala ndi a feteleza, akuti ophunzira ndinu, tiuzeni. Ndikapeza mawu achilendo, manyazi aja amabweranso. Komabe ndimanena chimene agogo sanachimvepo kwa ine: "Apa sindikudziwa. Inuyo mukuona bwanji?"