Mtengo Umodzi Kuseri kwa Garaja

Bambo Chipulikano amasamala maluwa panyumba ya a Hasmukh ku Area 12. Ali anyamata anagwirapo ganyu kumalo ofufuzira mbewu, komwe anaona akatswiri akutenga mungu wa duwa la chinangwa china n'kupaka pa duwa la chinzake. Sanafunse kanthu, anangoyang'anitsitsa.

Chinangwa cha kwawo chimabereka kwambiri koma n'chowawa. Ukachidya usanachiviike m'madzi masiku angapo, umamva chizungulire n'kuyamba kusanza. Chozuna chimene ankagula ku Old Town chinalibe vuto limeneli, koma pakhomopo chinkangobereka timizu tiwiri. Iwo ankafuna chinangwa chobereka ngati cha kwawo, chodyeka osaviika.

Anakwatitsa mitundu iwiriyo kuseri kwa garaja, ndipo njere makumi anayi zinamera. Chaka ndi chaka ankafukula, kulawa kachidutswa kunsonga kwa lilime, kulavula, n'kuzula chowawacho. Chaka chachisanu panatsala mtengo umodzi wokha, wobereka kwambiri komanso wosawawa. Ankadikira kuti ukhwime, adulepo mbewu, ina akaipereke kwa akatswiri aja kuti akaiyeze.

Lolemba lina m'mawa anapeza pamalopo pali dzenje. Lemson, mlonda wa pakhomopo, anali pageti akutafuna.

“Madala, chinangwa chija ndi shuga weniweni! Mumatibisiranji?”

“Mtengo wake uli kuti?”

“Kodi mtengo amadya? Ndaponya kudzala. Paja abwana anati zinyalala tizitentha.”

Mkuluyo anathamangira kudzala, kumene utsi unali kufuka, n'kuyamba kufukula masamba oyaka ndi manja. Mtengo uja anaupeza utapsa kumutu. Anaukanda ndi chikhadabo kutsika nawo, mpaka pafupi ndi tsinde pomwe khungwa linali laliwisi, mkaka ukutuluka. Panadulika zidutswa zinayi zokha.

Unali mwezi wa Okutobala, dothi lili gwa. Anazibzala pamthunzi wa mpanda, n'kumazithirira ndi kheni m'mawa ndi madzulo, zala zimene zinapsa zili zomanga nsanza. Lemson, manyazi atamugwira, ankawatungira madzi osatumidwa.

Patatha milungu iwiri, zidutswa ziwiri zinauma. Zina ziwirizo zinatulutsa timasamba tofiirira.

“Ndiye tidya liti, madala?” anafunsa Lemson.

Bambo Chipulikano anali akuzika timitengo totchingira nkhuku.

“Chaka chamawa sitidya. Tidulanso mbewu. Bweretsa waya uyo.”