Mano Okha pa Chithunzi

Abambo a Rosa, lero ndi tsiku lija munandisiya, ndiye ndatulutsa chithunzi chathu cha kwathu ku Insaca, chimene tinajambulitsa titangobwerako ku Malawi komwe tinathawira, nkhondo itatha.

Wojambula anati, "Makina angawa saona mtundu, amaona kuwala. Abambo aime poyera, nkhope iloze kudzuwa." Ine ndi pakamwa pangapa ndinati, "Nkhope yawoyo ndimaiona tsiku ndi tsiku, jambulani chitenje changa chofiirachi." Ndinakukankhirani pamthunzi wa khonde, inu n'kumangoseka.

Chitenjecho chinatuluka ngati phulusa. Inu munatuluka mdima wokhawokha, mano okha mbee. Chithunzi chanu china ndilibe. Masiku ano ndikatseka maso nkhope yanu ikumandithawa, ndipo woti ndimukalipire palibe. Ndinachita ndekha.