Mkamwini Wanga Anandikalipira M'gemu

Loweruka lapitali mkamwini wanga anandikalipira. Masana, anthu akumva, pakhomo panga pomwe. Ndipo ine, ndi imvi zangazi, ndinamvera.

Musathamangire kundipepesa. Imvani kaye mmene zinayambira.

Mkamwini ameneyu, bambo a Swabira, ndi telala pamsika. Chikwatirireni mwana wanga Mariamu, ine ndi iwo sitinayang'ananepo m'maso. Tikakumana panjira amapatukira m'chinangwa, n'kunjuta, n'kupereka moni nkhope ili kumbali. Akafuna kundiuza kanthu amatuma Mariamu. Ine ndikafuna kuyankha ndimatumanso Mariamu yemweyo. Ndi mmene tinakulira kuno ku Nkhotakota, ndipo sindinaonepo choipa chake.

Tsono bambo a Swabira ali ndi timu. Osati ya mpira ayi, ya nkhondo ya pafoni, ija amasewera anthu asanu kulimbana ndi asanu anzawo kudzera pa intaneti. Iwo ndiwo kaputeni. Akhala akukwera mu mpikisano wawo chiyambire dzinja, ndipo Loweruka amayenera kukumana ndi anyamata a ku Dwambazi. Lamulo lake ndi louma: mukapezeka anayi, mwagonja musanasewere, ndipo mwatuluka. Mwatsoka wachisanu wawo anaitanidwa ku ntchito yodula nzimbe, n'kupita ndi foni yake yomwe.

Mariamu anabwera kudzabwereka yanga, kuti apeze wina aliyense woti aigwire. Ine foni yanga sibwerekedwa. Muli zithunzi za malemu amuna anga, muli nkhani zanga zonse zimene mumawerenga patsamba lino. Ndiye poti pakamwa panga sipachedwa, ndinati ngati akuifuna foniyo aitenge pamodzi ndi mwini wake.

Mwanayo anakanena mawuwo monga mmene analili. Mkamwini anamva kuti apongozi akufuna kusewera, ndipo ndani angakanize apongozi? Yankho linabwera loti zikomo kwambiri, tiyamba mawa ikatha swala ya Aswiri, pemphero lathu la chakumadzulo. Ine kubweza mawu kunandikanika. Tonse awiri tinakodwa mu msampha umodzi, aliyense akulemekeza mnzake.

Ndinapita ndikuganiza kuti ndi zija zogwetsa timipira tamitundumitundu. Abale inu, si zimenezo.

M'kagalasi kakang'ono kaja muli dziko lathunthu. Mbali ino kuli mudzi wanu, mbali inayo mudzi wa adani, ndipo pakati padutsa mtsinje. Njira zopita kwa adani ndi zitatu, iliyonse ili ndi nsanja zolondera zimene zimawombera aliyense woyandikira mopusa. Pakati pa njirazo pali tchire, ndipo munthu akabisala m'tchiremo simumuona mpaka atakudumphirani. Tiasilikali ting'onoting'ono timaguba tokha m'njira zonse zitatu osatopa. Opambana ndi amene agwetsa nyumba yaikulu ya m'mudzi wa anzawo.

Poti mwamva zimenezo musaganize kuti mwadziwa gemu. Musanayambe mumasankha munthu woti mukhale, ndipo anthuwo ndi ambirimbiri, aliyense ndi mphamvu zake ndi chofooka chake. Wina ndi chimphona chongolandira zibonga kuti anzake apume. Wina amalasa ali patali koma akangokhudzidwa wagwa. Wina amazembera m'tchire. Uyu amagonjetsa uja, uja amagonjetsa winayo, koma awiri akaphatikizana zonse zimatembenuka. Ndinafunsa kuti kodi anapanga zimenezi ndi munthu wobadwa mwa mayi? Subhanallah! Mutu wa munthu ndi chinthu choopsa.

Ine anandipatsa wochiritsa. Ntchito yake ndi kuyenda pambuyo pa anzako, kuwathira mankhwala akavulala, osathamangira kutsogolo. Tsiku loyamba ndinathamangira kutsogolo. Ndinapita kukaima pansi pa nsanja ya adani kuti ndiione bwino, poti inali yokongola. Galasi linachita mdima, ndipo anandiuza kuti ndafa, ndidikire ndibadwanso kumudzi.

Ndinafa tsiku limenelo mpaka manyazi anatha.

Koma vuto lenileni silinali zala zanga. Linali kakhalidwe kathu. Ine ndinkakhala pamkeka pakhonde. Anyamata atatu a timuyo ankakhala patsinde pa mango. Kaputeni ankakhala kuseri kwa khoma, pakampando, kuti tisaonane. Ndipo pangodya ya nyumba pankaima Mariamu, Swabira ali kumsana, kudikira mauthenga.

Ndiye taganizani. Adani abisala m'tchire, ine ndikuyenda chamwamwamwa kulunjika komweko. Kuseri kwa khoma kukuchokera mawu otsika: "Uwauze mayi kuti ngati n'kotheka abwerereko pang'ono, zikuoneka ngati m'tchiremo muli anthu." Mariamu akutembenuka, akukonza mbereko, akuyamba kuti amayi, akuti ngati n'kotheka. Pofika pamenepo ine ndagona kale chagada, adani akuvina pamtembo panga.

Wochiritsa akafa, anzake amatsatira. Tinkagonja tsiku ndi tsiku.

Mnyamata wina wa timuyo, Mhone wa ku Dwangwa, anayamba kung'ung'udza m'Chitonga poyesa kuti sindikumva. Kenako anapita kuseri kwa khoma n'kuwauza kaputeni poyera kuti asankhe chimodzi, kulankhula ndi apongozi awo mwachindunji kapena kutsanzikana ndi mpikisano. Kaputeni anayankha kuti mpikisano umabweranso chaka chamawa, koma munthu amene wakalipira apongozi ake sayendanso mutu uli m'mwamba. Ndinamva zonsezo. Mtima unandiwawa, chifukwa ndinkadziwa kuti anyamatawa avutikira zimenezi miyezi yambiri, koma nanenso sindinadziwe poyambira.

Pamene ndinkadikira kubadwanso, poti nthawi yodikira ndinali nayo yambiri, ndinayamba kumvetsera mmene mkamwini wanga amalankhulira ndi anzake. Apa ndiye ndinazizwa kuposa mmene ndinazizwira ndi gemuyo.

Munthu amene ndinkangomudziwa ndi "zikomo" ndi "ayi, palibe" anali ndi anthu khumi m'mutu mwake nthawi imodzi. Ankadziwa amene wavulala, amene watsala pang'ono kupeza chida chatsopano, amene mphamvu yake sinabwerere. Ankaona ngakhale zosaoneka. Amatha kunena kuti wa uta wawo wasowa m'njira yapakati, ndiye kuti akuzungulira kumtsinje, Mhone choka pamenepo. Mhone achoke, ndipo pomwepo wa uta uja atulukire, wapeza palibe munthu. Mawu ake anali achangu, omveka, opanda mantha. Ndinadzifunsa kuti kodi munthu ameneyu wakhala m'banja mwanga nthawi yonseyi?

Loweruka linafika. Anyamata a ku Dwambazi sanabwere kudzacheza. Anagwetsa nsanja zathu za njira ziwiri, ifenso tinagwetsa zawo, ndipo zinafika poti amene alakwitse kamodzi ndiye wapita. Pa nthawi yomweyo Swabira anadzionongera, n'kuyamba kulira, ndipo Mariamu anathamangira naye kubafa.

Pangodya panalibenso munthu. Ine osadziwa kanthu, ndikuyenda ndekha m'mbali mwa mtsinje, kulunjika kutchire.

"Amayi, bwererani! Bwererani msanga, mwagona kodi?"

Chala changa chinamvera mutu usanaganize. Ndinabwerera, ndipo anthu atatu anatumphuka m'tchire muja n'kugwira mphepo. Mawu aja, ochokera kuseri kwa khoma, sanaime. Anandiuza kuti ndiime kumbuyo kwa chimphona chathu, ndichiritse Mhone, osati uyo, Mhone, tsopano ndithawe, tsopano ndibwerenso. Kwa nthawi yoyamba ndinamva kukoma kwa gemu imeneyi. Anthu asanu tinkayenda ngati zala za dzanja limodzi, ndipo ine ndinali chimodzi mwa zalazo. Adani anagwa onse, tinawoloka mtsinje, nyumba yawo inaphulika.

Patsinde pa mango panali chiphokoso. Kuseri kwa khoma kunali zii. Mariamu atapita kukaona anapeza kampando kokha. Kaputeni anali atazemba kudzera kumunda, chigonjetso chake osachilawa n'komwe.

Ndakhala ndikuganiza za kampando kameneko sabata yonse, owerenga anzanga.

Ulemu wathu ndi wokoma, ndipo sindikufuna kuti uthe. Ndimanyadira kuti mwana wa kuno sapatsa mkulu chinthu ndi dzanja limodzi. Koma gemu ija yandionetsa chinthu chimene sindinkachiona: chenjezo lili ndi nthawi yake, ndipo ikadutsa silikhalanso chenjezo, limasanduka chipepeso.

Timakonda kunena kuti mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Chabwino. Nanga mawu a ang'onoang'ono? Amenewo tawaphunzitsa kuti azigonera mpaka liti?

Mwakwerapo minibasi imene aliyense akuona kuti dalaivala akusinza, koma onse angoti ziii, chifukwa ndi bambo wachikulire ndipo wavala chipewa cha ulemu? Mwakhalapo mu ofesi imene kalaliki akudziwa kuti bwana akusaina chinthu cholakwika, koma akudikira tsiku limene bwanayo adzadzuke bwino? M'maboti mwathumu, ndi kangati wamng'ono amaona mwera ukubwera koma n'kumayembekeza kuti mwini boti auone yekha? Kumaliro ndiye timamasuka. Kumeneko aliyense amati ine ndinaziona kalekale, koma ndikanayamba bwanji.

Ndipo tisanamizire ana okha. Khoma lija timamanga ndife akuluakulu. Wamng'ono akatiuza zoona mwachangu timayamba tafunsa kuti waleredwa ndi yani, tisanafunse ngati zimene wanenazo zili zoona. Timaiwala mwambi wathu womwe woti wakutsina khutu ndi mnansi. Kutsina kumawawa, ndiye chifukwa chake amakutcha kutsina.

Lamulungu m'mawa bambo a Swabira anabwera ndi tambala m'manja. Ananjuta patali, pafupi ndi nkhokwe, nkhope ili kumbali, n'kuyamba kutuma Mariamu kuti andiuze kuti dzulo Shetani anawalowa pakamwa. Ndinamuuza Mariamu kuti apite akawiritse tiyi, ndipo asafulumire.

Tinatsala awiri. Sizinachitikepo.

Ndinawauza kuti tambalayo ndilandira chifukwa ndiwo sizikanidwa, koma osati ngati chipepeso. Ndinati panjira apitirize kupatukira m'chinangwa ngati akufuna, zimenezo ndi zawo. Koma tsiku lililonse akaona kuti ndikulunjika kutchire kumene kuli anthu, asafunenso Mariamu. Akuwe monga anakuwira dzulo.

Anayamba kukanda pansi ndi kamtengo. Ndinayesa kuti nkhani yatha. Kenako anakweza mutu n'kundiyang'ana, koyamba chikwatirireni mwana wanga.

"Amayi, sabata yonseyi, adani onse amene anakuphani anachokera kumanzere. A kumanja mumawaona bwinobwino. Tatsekani diso lakumanjalo."

Ndinaseka, koma ndinatseka. Mtengo wa mango unasanduka nkhungu. Nkhokwe, tambala, mkamwini wanga, zonse zinangokhala mbuu. Ndinatsegula, zinabwerera. Ndinatsekanso, zinapita. Ndinachita mantha, sindikubisirani.

Anati anayamba kukayika Ramadhani isanafike, ataona kuti ndikuthira tiyi pambali pa kapu. Anauza Mariamu kuti andiuze. Mariamu anaopa kuti ndimuyankha kuti akundiyesa nkhalamba, ndiye anadikira tsiku labwino. Mkamwini anadikira Mariamu. Diso langa silinadikire aliyense.

Kuchipatala andiuza kuti ndi ng'ala, ndipo akuti ikhoza kuchotsedwa, kungoti ndikanabwera kale zikanaphweka. Anandiperekeza ndi bambo a Swabira, ndipo njira yonse ankandiuza pamene pali dzenje, mokweza, osatuma munthu.

Ine zinanditengera nkhondo ya pafoni ndi thewera la mdzukulu kuti ndimve zimene a m'nyumba mwanga ankadziwa kale. Nanga inu, ndani ali kuseri kwa khoma lanu lero, waona zimene zikukubwererani, koma akufunafuna woti amutume?